Kuziziritsa Galimoto ya Mkwatibwi

Lolemba, 6 Okutobala
Eyakoni, choziziritsira m'galimoto chija, yafanso. Gasi wothira sabata yatha yomweyi wathawa yense. Ukwati wa mwana wanga mwezi wamawa, ndipo ndinanena pagulu kuti mkwatibwi ndidzamunyamula ndine, pa galimoto yangayi. Mayi ake akuti, "Mukufuna mwana akatsike kutchalitchi thukuta lili kamukamu?" Pakamwa paja sungapathe.

Lachinayi, 9 Okutobala
Kwa makaniko. Wawaza madzi a sopo pa mapaipi onse, kudikira thovu. Zii. Akuti pobowoka pali mkati, kuseri kwa dashibodi, ndipo iye alibe nthawi yake. "Mdala, ingotsitsani mawindo, galimotoyi yadya zake." Mwana wadzulodzuloyu! Galimoto imeneyi inakatenga mwana wanga kuchipatala ali khanda, makanikoyu asanadziwe n'komwe sipanala.

Loweruka, 11 Okutobala
Ndamasula dashibodi ndekha. Masikuluu m'mbale ya mayi ake, mkangano winanso. Mawaya kulendewera ngati matumbo. Chala ndachicheka. Koma ndapapeza: kapaipi kodyeka, mafuta kuchucha m'mbali, timalabala touma gwa. Msana ukuwawa, koma ndagonjetsa chinthu lero.

Lachitatu, 22 Okutobala
Kapaipi kotere sikapezekanso. Ndazungulira konse kogulitsa zitsulo zakale, kungosekedwa. Wokonza mafiriji ndiye wandiwotcherera kakale komweko.
Mkwati anabwera, wandipeza miyendo ili panja, mutu kunsi kwa chiwongolero. "Bambo, musadzivutitse chonchi." Ulemu wake umandinyansa, wosalala kwambiri. Kwawo magalimoto ngonyezimira, ndikudziwa, sindine wakhungu. Mwana wanga maso pa foni basi.

Lamulungu, 2 Novembala
Zatheka! Wamafiriji wapopa mpweya wonse m'mapaipi, tadikira, singano ya geji osasuntha. Gasi watsopano. Kuzizira mpaka zala kuuma. Ndinaitana mayi ake adzamve okha. Anakhalamo pang'ono, anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, n'kutuluka. Ngakhale zikomo. Ndamuimbira mwana, sakuyankha.

Lachisanu, 7 Novembala
Ndatsuka, ndapukuta, matayala ndapaka polishi. Maliboni oyera ndamanga ndekha, opendama koma aliko.
Mwana anabwera masana. Anakhala kutsogolo, ndinayatsa, anatchera dzanja pamene pamatulukira mphepo. "Iii ababa, ikuzizira bwanji!" Mtima wanga unachita kudumpha. Kenako: "Ndiye zakhala bwino, keke ija timaopa kuti isungunuka panjira. Ine apongozi anditumizira yawo."
Ndinati chabwino. Ndikanati chiyani?
Mayi ake ankadziwa kalekale. Mkwati ankadziwa. Banja lonse limandionerera ndikukwawa pansi pa galimoto, aliyense pakamwa tseke. Zandipweteka, ndisaname. Maliboni ndamasula.

Loweruka, 8 Novembala
Keke yafika kuholo bwinobwino, ngakhale kaluwa kamodzi osagwa. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, mayi wophika keke kumbuyo atayigwirira, ine mu suti. Kutchalitchi ndinapeza atalowa kale. Akuti mwana wanga anatsika mokongola kwambiri. Akuti.
Pobwerera kuholo kuja mayi wa keke anandithamangira kukhomo la kukhitchini. "Adalaivala, tandipatseni nambala yanu, sabata yamawa ndili ndi ukwati wina. Galimoto yanu imazizira."
Ndinamupatsa.