A Kalaliki Akana Kuti Dzina Lawo Lifufutidwe

Komiti ya Gulu la Opanga Masewera a pa Intaneti

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: Kuseri kwa shopu yokonzera mafoni, pafupi ndi soketi yokhayo imene imagwira
Opezeka: Wapampando, Mlembi, Wokonza tsamba, a Kalaliki
Osapezeka: Msungichuma (anatumiza uthenga kuti ali kuchipatala, koma tsamba lathu limaonetsa kuti akusewera)

1. Lamulo la mayina enieni

Wapampando anakumbutsa komiti kuti ndi iwo anabweretsa lamulo loti aliyense azilowa pa tsamba ndi dzina lake lenileni, pofuna kugwira munthu amene amanyoza masewera awo. Anati lamuloli layenda bwino. Wonyozayo sanapezeke.

Wokonza tsamba ananena kuti mayinawo sanawabise, choncho bolodi ya opambana ikuonetsa aliyense dzina la wosewera ndi nthawi imene ankasewera. Anati palibe anamuuza kuti abise.

2. Dandaulo la a Kalaliki

A Kalaliki, amene kale ankasewera ndi dzina loti Namondwe ndipo ali pamwamba pa bolodi, anati abwana awo aona dzina lawo ndi nthawi zake, zonse za mkati mwa ntchito. Awaitana Lolemba kuti akafotokoze, ndipo ntchito ikhoza kuwathera. Atafunsidwa kuti abwanawo amafunanji pa bolodipo, anayankha kuti nawonso alipo, koma kumunsi kwenikweni.

Wokonza tsamba anati dzinalo likhoza kufufutidwa lero lomwe, abwana n'kusowa umboni, kungoti limapita ndi mapointi ake onse. Wapampando, amene ali pa nambala yachiwiri, analankhula mogwira mtima za ufulu wa munthu wosunga chinsinsi chake, n'kupempha kuti lifufutidwe msangamsanga.

A Kalaliki anati: "Achimwene, mapointi amenewo ndinakhetsera thukuta. Ntchito ija anangondipezera alamu anga."

Mlembi anawakumbutsa kuti ali ndi ana kunyumba. A Kalaliki anati akudziwa.

Chigamulo: dzina likhale. Wapampando anapempha kuti zilembedwe kuti akhumudwa, ndipo zalembedwa.

3. Zina ndi zina

A Kalaliki anafunsa ngati masewerawa amatseguka bwino pa foni, popeza kuyambira Lachiwiri kompyuta ya ku ofesi sadzakhala nayo.

Msonkhano wina: Loweruka, 12 Julaye. A Kalaliki anati tsiku lililonse adzapezeka.

Msonkhano unatha 4 koloko madzulo.

Wapampando: ______________
Mlembi: ______________