Masamba amene ndinakulungira mandasi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Zombako. Ife kuno ku Mbamba Bay tili bwino. Bambo a Tadala chifuwa chija chinatha, ayambanso kupita kunyanja.

Nkhani ndi ya mwana wanuyu Tadala. Zaka khumi ndi chimodzi zokha, koma mabuku a kushule, kusukulu kwawoko, anawamaliza onse, moti mwalimu, mphunzitsi wakeyo, akuti alibenso chomupatsa.

Sabata yatha ndinagula buku lakale lopanda chikuto kwa mayi wina wa ku Liparamba, loti ndizing'amba masamba n'kumakulungira mandasi. Sindinadziwe kuti mwanayo wayamba kuliwerenga. Iye ankachokera koyamba, ine ndikung'amba kuchokera kumapeto. Lachinayi atabwera kushule anapeza masamba omaliza palibe. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Amayi, mandasi a lero anagula ndani?" Anathamangira kudoko kwa asodzi, n'kubwerako ndi mapepala anayi onona mafuta. Tsamba lomaliza sanalipeze, ndipo mpaka lero sakudziwa kuti nkhaniyo inatha bwanji.

Ndinachita manyazi, achimwene. Mwana wanga yemwe kutola mapepala pansi chifukwa cha njala ya kuwerenga!

Chonde mumufunire mabuku kumeneko, a Chichewa kapena a Chingerezi, aakulu ndi ovuta ndithu, osati a zithunzi aja. Mupatsire aliyense wodzera ku Nkhata Bay. Koma musanatumize, muyambe mwaona ngati tsamba lomaliza lilipo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati