Nyimbo Inali Kumapazi

Golomoti,
Dedza.
16 Okutobala, 2024.

Wokondedwa mwana wanga Kadzuwa,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Uli bwanji ku Cape Town kumeneko? Kuno tilipo, kungoti dzuwa likutiwamba ngati usipa pathandala. Amayi ako akudya bwino, koma chiwagwereni sitiroko ija dzanja lamanja silikugwirabe.

Ndalemba kalata chifukwa patha miyezi iwiri foni yanga sukuyankha. Sindikukudzudzula. Wolakwa ndine.

Ukukumbuka tsiku lomwe unanditumizira nyimbo pa WhatsApp. Unati waipeka wekha pa limba lalikulu la mapaipi la kutchalitchi kwanuko, kuchokera pa nyimbo ya chopereka ija amayi ako ankaikonda. Ndinaimvera kanayi pa kafoni kanga. Ndinangomva tizitoliro tikuthamangitsana m'mwambamwamba, nyimbo ya amayi ako osaimva ndi pang'ono pomwe.

Ndinapsa mtima, ine munthu woti ndatsogolera kwaya zaka makumi atatu. Ndinakuuza kuti unapita kunja kukaphunzira kuwononga nyimbo za Mulungu, ndipo usamatchule dzina la amayi ako odwala paphokoso lako. Mawu amenewo akundichititsa manyazi.

Loweruka lapitali a Yusufu, oyandikana nafe aja obwereketsa zokuzira mawu pa maukwati, ankayesa chisipika chawo chomwe anali atangochikonza. Anandipempha nyimbo iliyonse ya m'foni. Ndikuulule, ndinawapatsa yako dala kuti nawonso andivomereze kuti ndi phokoso. Amayi ako anali pamkeka pakhonde.

Tizitoliro tija tinayamba. Kenaka pansi pake panatuluka mawu akuluakulu, oyenda pang'onopang'ono, mpaka malata a nyumba ananjenjemera. Ine ndinali ndisanazindikire kanthu pamene ndinamva munthu akuimba kumbuyo kwanga.

Anali amayi ako, Kadzuwa. Munthu woti watha miyezi isanu ndi itatu osatchula ngakhale madzi akumwa. Anaimba ndime yonse yoyamba, mawu onse, lilime likulemera koma nyimbo osaiphonya. Pa ndime yachiwiri ndinakhala pambali pawo n'kuwathandiza, koma ndinalowa msanga, ndipo ananditsina pabondo ndi dzanja lawo lamanzere monga ankachitira kukwaya. Ndinalira pamaso pa a Yusufu, osabisa.

A Yusufu anandifotokozera kuti kafoni ngati kanga sikatulutsa mawu a besi, kamangowameza. Apo m'pamene ndinakumbukira zomwe unandiuza chaka chatha, zoti limba lanulo lili ndi timatabwa tapansi topondedwa ndi mapazi, ndipo mawu akulu amachokera kumeneko. Nyimbo ya amayi ako unaiika kumapazi kuti isenze zina zonse. Inalipo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ine ndinakuweruza nditamva theka lokha.

Tsopano a Yusufu amabweretsa chisipika chija masana aliwonse akachoka kumzikiti, ndipo nyimboyo ayamba kuing'ung'udza iwonso. Adokotala a ku Mua atiuza kuti tipitirize, poti ena kuimba kumawabwerera kulankhula kusanabwere. Dzulo amayi ako analoza chithunzi chako, n'kulozanso foni.

Zikomo mwana wanga. Mankhwala tayesa, mapemphero tachita, koma mawu a mkazi wanga andibwerera kudzera m'mapazi ako. Sindikudziwa kuti ndikuthokoze bwanji.

Ndikhululukire. Ngati mtima ukadali kuwawa, ine usandilankhule, ndimvetsa. Koma imba foni Lamulungu tikatuluka kutchalitchi. Amayi ako sangathe kukupatsa moni, koma akufuna akuimbire.

Undiperekere moni kwa aphunzitsi ako a limba ndi anzako onse a kwathu kuno. Azakhali ako a ku Mtakataka akupereka moni. Ambuye akusunge, manja ndi mapazi omwe.

Ndine bambo ako,
Jeremiah.