Msana wa a Casimiro

Lolemba, 8 Julho 2024

Kwazizira kuno ku Sanjala, zala zikukana cholembera. Koma ndilembe basi, poti palibe woti ndimuuze.

Kwabwera bambo wa kukampani, wa jekete lachikopa, ndipo mpando waukana. Akuti nkhani ya amuna anga a Casimiro, ya chipika chomwe chinawagwera pamsana kumacheka ku Chimbonila mwezi wa Abril, yachoka m'manja mwa a patrão, abwana awo. Ili ndi a seguro, a inshuwaransi, ndipo a seguro asintha kachitidwe. Zokhala pamphasa n'kumakambirana ndi abale zatha. Lachitatu la sabata yamawa tikaonekere ku junta, madotolo akawayeze n'kulemba. Akalemba kuti msana unawonongeka, azilandira thandizo ali pakhomo. Akalemba kuti anachira, nkhani yatsekedwa, Lolemba lake abwerere kukasenza zipika.

Ndafunsa kuti nanga akalakwitsa? Akuti, "Mamã, tabela silakwitsa." Ati ndi mndandanda wolembedwa, chiwalo chilichonse chili ndi mzere wake pamenepo, chala, diso, mwendo.

A Casimiro, ndizingolemba kuti a C., anali pampando wawo atafunda bulangete, akumwetulira. "Tamva, achimwene. Mulungu ndi wabwino, ndikupezako bwino."

Ambuye, mukudziwa Inu. Sakupeza bwino.

Lachiwiri, 9 Julho

Ndachapa zofunda kawiri. Ndayanika kuseri kwa khitchini, osati pachingwe cha kumsewu.

Lachitatu, 10 Julho

Ndilembe mosabisa, pepala si munthu. Chichokereni kuchipatala a C. satha kusunga mkodzo. Saumva ukamabwera. Mwendo wamanzere kuyambira pabondo uli dzanzi, amati uli ngati wobwereka. Kuchipatala anajambula fupa n'kunena kuti lagwirana. Za madzi sanafunse, iwonso sananene. Tsiku lomwe tinafika pakhomo anatsitsa mtanda wa pakhoma n'kundigwiritsa, ndikalumbira kuti sindidzauza munthu, ngakhale mwana wathu Kátia.

Ndinalumbira chifukwa ndinkaganiza kuti zitha.

Mayi awo anali Myao, iwo anavinidwa ku ndagala, chinamwali cha anyamata, ali mwana, ndipo amati kumeneko anaphunzira kuti mwamuna ululu amaumeza. Pamwamba pake ndi owerenga Mawu kutchalitchi, amaphunzitsa anthu kuti kudandaula n'kusayamika. Ndiye ndani angawatsegule pakamwa?

Lachinayi, 11 Julho

Abwera a malume awo, a Martinho, atakwiya kuyambira pageti. "Junta ndiye chiyani? Kale ndikanapita ine kukakhala pakhonde la patrão mpaka atatuluka thukuta. Wina wa ku Chimbonila anaduka chala chimodzi, anabwera akukoka ng'ombe ya chipepeso!"

Ine mumtima ndinakumbuka mayi wina yemwe timakumana naye pampopi. Mwamuna wake anataya diso pamacheka omwewo, analibe malume wa pakamwa, anangolandira shuga ndi pepani. Mwina njira yatsopanoyi siyang'ana kuti malume ako ndani. Koma imafuna munthu woti anene pomwe pakupweteka.

Kenako a malume anatsitsa mawu. "Iwe Casimiro, ukakafika usayende. Tikunyamule pamachira, uzibuula."

A C. anaseka mpaka kutsokomola. "Malume, Lamulungu ndiwerenge Mawu, Lachitatu ndikaname?"

Ambuye, ndikhululukireni, ine ndinafuna avomere. Ndinafuna bodza lija ndi mtima wanga wonse. Bola bodza la machira, loti lingabise zoona zake n'kutipulumutsabe.

Lachisanu, 12 Julho

Kumsika ndakumana ndi Atija, wa usipa wa ku Meponda. Mchimwene wake Yussuf anapita ku junta yomweyi atagubuduka ndi shapa, minibasi. "Wallahi, Ruti, sachedwa. Amakukanikiza apa, zikupweteka? Ukati ayi, amalemba ayi. Usanamange lamba waitanidwa wina." Yussuf anati ayi chifukwa cha manyazi, pano akukoka makoka ndi phewa limodzi.

Ndiye anawonjeza akundithirira basela. Wamkulu wa madotolowo ndi mkazi, wamng'ono ngati Kátia, wa ku Quelimane, Chinyanja samva.

Mkazi! Ndinangokhala pathumba la mbatata la munthu wina.

Loweruka, 13 Julho

Akuphunzira kuyenda opanda ndodo, kuchoka pakhomo kukafika pamtengo wa mapeyala. Akuti asakachite manyazi pamaso pa anthu ophunzira. Apukutanso nsapato.

Lamulungu, 14 Julho

Anaumirira kuti akawerenga okha. Ndinawapindira chitenje, kapulana yakale, mkati mwa buluku, monga mwa masiku onse. Anayenda kupita kuguwa ndodo itatsala pabenchi, azimayi n'kuyamba nthungululu, wachira, wachira! Ine maso anga anali pabuluku basi. Mawu omwe anawerengedwa sindinamve ndi limodzi lomwe. Nalonso ndi tchimo, ndalilemba.

Titaweruka ndinatsatira a Padre Jaime kuseri. Ndinafunsa ngati lumbiro limagwirabe ntchito likakhala kuti likupha yemwe anakulumbiritsa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi Ruti, lumbiro lake ndi lotani?" Ndinati ndikanena ndiye kuti ndaswa kale. Anakanda mutu. Akuti lumbiro la pamtanda si chinthu choseweretsa, komanso moyo wa munthu si choseweretsa, ndipemphere. Ndinatuluka ndi katundu yemweyo, wangolemera kuposa poyamba.

Ndikuopa mbali zonse. Ndikakhala chete ndikuona a C. atawerama pansi pa chipika china, mwendo uja utakana, makina akulira. Ndikalankhula ndikuona nkhope yawo. Komanso Inu, Ambuye, ndinagwira mtanda Wanu.

Lolemba, 15 Julho

Tayambana. Chikwatirane sitinakwezeranepo mawu chonchi.

Ndinadikira Kátia apite kusukulu. Ndinagwada pafupi ndi mpando n'kunena kuti, "Bambo a Kátia, mukawauze nokha. Ndimasuleni ine, kapena mukanene inu."

"Ndikanene chiyani? Kuti ndimadzinyowetsa ngati khanda? Kwa mwana wamkazi, womasulira ali pompo, mawa bairro lonse, khomo ndi khomo, lamva? Bola chipika chindimalize."

Ndiye ine pakamwa panathamanga. Ndinati, "Chabwino, mukafere komweko, tidzakuikani mutavala buluku louma." Anangotembenukira kukhoma. Ambuye, lilime langali. Ndinapepesa, anati zatha, koma sanandiyang'ane.

Madzulo anandiuza nzeru yawo. Kuyambira mawa samwa chilichonse, kuti Lachitatu pasakaoneke kanthu.

Lachiwiri, 16 Julho

Tiyi akana. Phala akana. Milomo yang'ambika. Ndasita shati loyera lija, mpaka ndapsereza kolala mkati.

Lachitatu, 17 Julho

Ndikulemba pabenchi, panja pa chipinda. Andituluka. Ayi, anditulutsa. Mutu sukugwira.

Tinalowa awiri, a malume anatsala pageti akukangana ndi mlonda. Mkati munali dotora, dotolo wamkazi uja, dotolo wina wachikulire wolemba pakompyuta, ndi namwino wamwamuna womasulira, ngakhale Chipwitikizi timamva tonse. A C. analowa ndodo atandisiyira ine, chifuwa patsogolo. Dotora anati awerame, anawerama. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi kukuzizira chonchi. Anawakanikiza pamsana. Zikupweteka? "Ayi, dotora, Mulungu wandichitira chifundo." Apa? "Ayi." Pali vuto lina lililonse? "Palibe."

Wachikulire uja anali atayamba kale kulemba. Dotora anamwetulira, akuti ndi nkhani yabwino, senhor Casimiro, mukhoza kuvala. Namwino anagwira chitseko.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangodzimva ndikulankhula Chipwitikizi cha kusukulu, mokweza, ngati ndikuyankha mayeso. Ndinati amuna anga sasunga mkodzo chichitikireni ngozi. Ndinati mwendo wamanzere samaumva, mubaye ndi singano muone. Ndinati sanamwe madzi kuyambira dzulo kuti musadziwe. Ndinati ndinalumbira pamtanda kuti sindidzanena, ndiye ndanena.

Wachikulire anachotsa manja pakompyuta.

A C. anali ataima ndi shati m'manja. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoyang'ana pansi n'kunena chapansipansi, "Mkazi wanga watopa, dotora, mumukhululukire."

Dotora anavula magolovesi, n'kuuza namwino kuti abweretse madzi akumwa. Kenako anati iye atuluka kaye, senhor Casimiro atsale ndi amuna anzawo, fomu sitsekedwa mpaka atamva kuchokera pakamwa pawo. Mawu anga okha, akuti, sangalembedwe, pafunika mwini thupi avomere. Anandigwira pachigongono n'kutuluka nane. Iye wapita kuchipinda china. Ine ndili pano.

Ndiye zonse zabwereranso kwa iwo. Akati ndanama, ndataya lumbiro, ndataya ulemu wawo, ndipo Lolemba akupitabe kumacheka. Ambuye, ngati pali chilango chikhale pa ine. Ndodo yawo ndaigwira pamiyendo. Mayi wa pambali panga akundifunsa ngati ndaferedwa.

Tsopano ndikumva mawu a namwino, akulankhula Chiyao. Wina akuyankha. Ndi iwo. Sindikumva mawu ake, koma akulankhula nthawi yaitali, akuima, akuyambanso. Kompyuta ikulira.

Chitseko chatseguka. Namwino wasuzumira, akuti akukuitanani. Ndafunsa kuti ndani, dotolo? Ayankha okha ali mkati, mawu osasa.

"Mayi a Kátia, lowani. Zinazi mukudziwa bwino ndinu."