Ndakwecha lupanga la eni

Bambo, kodi muli bwanji uko mudapitako?

Kuno ku Leicester tadzuka, kuzizira kokhaku. Mng'ono wanga Tadala ali ndi mwana wamwamuna, ndipo amutcha dzina lanu. Koma ine ndalakwa, Bambo.

Gogo wachizungu amene ndimamusamalira kunyumba kwake ku Oadby ali ndi lupanga lakalekale pakhoma. Inu wosula mukadaliona, mukadasiya mvukuto. Kutalika limandipitirira m'chiuno, koma ndi lowonda ngati chala. Si lotemera ayi, ndi lobayira. Msuka wake umadutsa m'kati mwa chogwirira n'kukatulukira kumapeto, kumene adaukhomerera pa kampira kachitsulo kolemera. Kampirako ndiko kamachititsa kuti nsonga izipepuka m'dzanja. Tizitsulo topindika tayanga mozungulira chogwiriracho ngati maungu, kuteteza zala.

Chinkandipweteka n'chakuti linali litada bii. Ndinkangomva mawu anu aja: "Chitsulo chadzimbiri chimatukwana mwini wake." Lachiwiri lapitali gogoyo atagona masana, ndidalitsitsa, ndidatenga waya wokwechera mapoto, n'kulikwecha mpaka lidawala. Mmene ndidanyadira, Bambo!

Mwana wake wamkazi atabwera adalira. Akuti kudako ndiko kunkasonyeza ukale wake, ndipo pafupi ndi chogwirira panali kachizindikiro ka munthu amene adalisula. Ine ndidakayesa dzimbiri. Ndafafaniza dzina la wosula mnzanu, ine mwana wa wosula. Munkati safunsa adadya phula. Ndalidya ndithu.

Andiimitsa ntchito, ndipo Lachinayi ndikaonekera kwa mabwana. Mapepala anga okhalira kuno ali pa ntchito imeneyi. Ikatha, ndiye kuti ndilongedze. Ndikuopa, sindikubisirani. Gogoyo mutu udayamba kumusokonekera, za lupangalo sakuzidziwa n'komwe. Akuti amangofunsa za ine, kuti Chikondi ali kuti, tiyi wazizira.

Komatu mapepala omwewa ndi amene adandiletsa kubwera pa maliro anu. Adakuikani ine ndikuonera pa foni, nditabisala m'kachipinda kochapira. Akandisiya pa ntchito, ndikhala kuno n'kumadyetsa abale. Akandichotsa, ndiona manda anu. Ndagwada kangapo, koma sindikudziwa kuti ndipemphe chiti.

Tsiku limene ndidzafike, sindidzalonjera munthu ndisanabwere pamene mwagonapo. Ndidzakulirani bwinobwino, Bambo, ndi mawu anga onse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Chikondi