Mayina a m'kaundula wa Sitandade 5

Lolemba, 3 Okutobala 1977

Sukulu yatsegulidwa. Andipatsa Sitandade 5, ana 58, choko zitatu. Kutentha koopsa, fungo la matemba kuchokera kudooko. A Pearson, aphunzitsi aakulu, anandiitanira pambali: woyendera sukulu abwera pa 14. "Inu opanda maphunziro a uphunzitsi ndi amene akuyang'anani kwambiri." Zaka 19 ndikugwira choko ndi pepala la Sitandade 6 yakale.

Lachiwiri, 4 Okutobala

Anyamata asanu a kumbuyo sakuyankha ndikamaitana mayina. Mitu yometa, zikofia zatsopano. Ndinaitana Abudu katatu, iye akundiyang'ana ngati ndikuitana mbuzi ya eni. Lamulo ndi lamulo: wosayankha sanabwere. Ndalemba kuti anthu asanu sanabwere, ali pamaso pangapa, mmodzi akudya nzimbe.

Lachinayi, 6 Okutobala

Ndinawapatsa chibalo chosesa bwalo. Anasesa bwino kuposa ine. Kubwerera m'kalasi, zii yemweyo. Ndinakuwa mpaka mawu anathyokera pakati ngati a tambala wophunzira kulira. Kalasi yonse phwete. Ndinamenya tebulo ndi lula, lula n'kuduka. Lula la boma. Ndalimanga ndi ulusi.

Lachisanu, 7 Okutobala

Tsopano ndi atsikana omwe ayamba. Ndikatembenukira kubolodi wina amalira ngati tambala. Ndikuganiza Falida, koma umboni ndilibe. Mkazi wanga, amake Veronica, akuti ndimaitana kaundula kutulo, ndipo kutulo komweko palibe amandiyankha.

Lolemba, 10 Okutobala

Kunabwera bambo ake a Abudu, msodzi, nkhafi ili paphewa. Ndinali nditakonzeka kudandaula, mfundo zisanu ndi imodzi papepala. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Aphunzitsi, Abudu wake uti? Ameneyo anatsala kusimba. Amene ndakutumizirani ndi Saidi."

Anavinidwa patchuthi, onse asanu. Dzina laubwana kwa wovinidwa ndi chipongwe, ngakhale amayi ake salitchulanso. Ndiye kuti sabata yathunthu ndakhala ndikuwatukwana m'mawa uliwonse, mokweza, katatu katatu, pamaso pa atsikana. Mwana wa mkulu wa mpingo ine, kusimba sindinapondeko, koma ndakulira kwa Mwambo konkuno. Ndimadziwa. Kungoti zimene sizinalembedwe m'buku mutu wangawu suzisunga.

Lachiwiri, 11 Okutobala

Ndinapempha a Pearson kuti tisinthe mayina. Anakana. "Kaundula ndi buku la boma. Mufuna adzati tikulemba ana a m'mutu?" Ndiye ndapeza nzeru yanga: pakamwa dzina latsopano, cholembera pa dzina lakale. Ndinati Saidi. "Pulezenti, sa." Mawu aakulu ngati a bambo ake. Mussa, Edwadi, onse. Saidi anadzudzula yekha wa tambala uja. Masamu tinafika mpaka tsamba 12.

Lachinayi, 13 Okutobala

Malaya ochapa. Khadi la chipani m'thumba, ndaliyang'ana kanayi. Bwanji mawa woyendera sukulu uja akafuna kuitana yekha mayina? Anyamata sindinawauze kanthu. Ndikanayamba bwanji, nditawalakwira kale?

Lachisanu, 14 Okutobala

Anabwera pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anakhala pampando wanga, n'kutambasula dzanja: kaundula. Anawerenga mitu, kenako anayamba kuitana yekha. Dzina loyamba, Abudu.

Zii. Bwanayo anakweza maso, anaitananso.

Saidi sanayang'ane bwanayo. Anayang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Kenako anaimirira, maso pansi. "Pulezenti, sa." Motsitsa, ngati akulavula munga wa mlamba. Anzake anayi anatsatira. Palibe mtsikana anaseka.

Bwanayo anati kalasi ndi yaulemu, koma malemba anga pabolodi amapendekera. Lipoti mwezi wamawa.

Poweruka ndinati zikomo Saidi. Anangodutsa.

Loweruka, 15 Okutobala

Kaundula ndabwera naye kunyumba, a Pearson sakudziwa. Lezala latsopano, lopalira mayina akale aja. Ndayeserera papepala lina, inki ikupalika ndithu ukamachita pang'onopang'ono. Akadzaona, ntchito ija mwana wandipulumutsira dzulo ndidzaitaya ndekha. Amake Veronica akuti ndidye kaye.

Ndayamba ndi A. Pepala la boma n'lopyapyala kuposa langa loyeserera lija.