Bwanamkubwa Sakwera Ndege

Lolemba, 4 Ogasiti
Mwana wanga wamkazi waimbanso. Akufuna ndisamuke, ndikakhale naye kunja. Ine: "Popanda galu wanga Bwanamkubwa sindisuntha." Ndimayesa ndamutseka pakamwa. Iye: "Bambo, Bwanamkubwa akweranso ndege. Pansi, koika katundu." Kuchenjera kwa malemu mayi ake.

Lachinayi, 7 Ogasiti
Bokosi lonyamulira galu m'ndege lafika. Lapulasitiki, chitseko chawaya. Bwanamkubwa walinunkhiza, wakweza mwendo. Sindinamukalipire. Ndamupatsa chiwindi.

Loweruka, 9 Ogasiti
Kwa dokotala wa ziweto. Ndawatsinzinira diso: "Adokotala, lembani zoopsa zonse, musasiye n'chimodzi chomwe." Akuti agalu a mphuno yophwatalala ngati wangayu amabanika koika katundu kuja. Kutentha podikira pabwalo la ndege, phokoso, mdima, maola khumi popanda womusisita. Mankhwala ogonetsa ayi, amafooketsa kupuma. Pansi pa pepalalo ndawonjezera ndi dzanja langa: "Ena amasochera ngati sutikesi." Ndatumiza kwa mwana.

Lachiwiri, 12 Ogasiti
Ndalowa m'bokosimo ndekha, mutu ndi mapewa, kuti ndijambule chithunzi chomvetsa chisoni. Msana gwa! Osatulukanso. Andikoka miyendo mayi a nyumba yoyandikana, akuseka mpaka kutsokomola. Asanandikoke ayamba ajambula. Atumiza okha kwa mwana wanga. Kazitape.

Lachisanu, 15 Ogasiti
Mwana waimba. Sanaseke. "Galuyo asakwere, ndamva. Koma mukanangonena, bambo, kuti simukufuna kubwera." Kenako: "Mdzukulu wanu abadwa mu Disembala. Ndimafuna ndidzakuuzeni maso ndi maso."
Tiyi wazirala m'kapu. Manyazi. Zaka makumi asanu ndi awiri, koma kuchita zachibwana.

Lamlungu, 24 Ogasiti
Mayi oyandikana aja avomera kusunga Bwanamkubwa mpaka Febuluwale. Lero ndamusiya kwawo ola limodzi, ndione ngati alira. Ndabisala kuseri kwa mpanda, khutu tcheru. Zii. Ndasuzumira pawindo. Bwanamkubwa pasofa, miyendo m'mwamba, akumukanda pamimba. Kucheuka n'komwe ayi. Zaka zisanu ndi zinayi ndikumugawira bulangete, chigawenga chimenechi. Wopukuta m'maso pobwerera ndinali ine.
Ndinyamuka pa 9 mwezi wamawa. Ndege sindinakwerepo chibadwire, ndipo ndimaiopa. Mwana sindinamuuze. Kodi nkhalamba ikagwira dzanja la munthu wachilendo ndege ikamanyamuka, amaikalipira?